Mphini Zitatu pa Bondo la Fatsani

Abale anga amene timapemphera limodzi pagulu lino, ndi inu nonse amene uthengawu ukupezeni kudzera mwa ena, landirani moni wanga kuchokera kuno kutsinde kwa phiri. Ine si munthu wa zolembalemba, sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye pomwe ndaphonya mundikhululukire. Koma ndinalonjeza Mulungu ndili chigwadire kuseri kwa chipatala kuti mwana wanga akadzuka sindidzabisa kanthu, ngakhale zondichititsa manyazi. Mwanayo dzina lake ndi Fatsani. Ali ndi zaka zinayi anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha mphini zitatu, timabala tating'ono toti kwa mwana wina tikanauma tsiku lomwelo.

Ndine Bonifasi, ndimasenza katundu wa alendo okwera phiri pa Likhubula. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Sukulu ndinaisiya tsiku lomwe ndinagenda mphunzitsi ndi dasitala, ndipo anzanga osenza katundu amanditcha Kambuzi mpaka lero. Nditakwatira Esinati ndinakakhala kwawo ngati mkamwini, ndipo chaka chisanathe mudzi wonse unali utandidziwa. Ndinaswapo ndowa ndi mwendo, ndinathyolapo chitseko cha nyumba yanga yomwe. Mwana atabadwa, dzina anamutcha ndi apongozi anga, mayi ake a Esinati, ndipo aliyense anadziwa kuti dzinalo akuuza ndani.

Apongozi angawa ndi mayi wamasiye, wosunga mwambo kwambiri. Zaka zonsezo sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ankapatukira m'chinangwa nkugwada chakumbali mpaka nditadutsa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ine ndili pomwepo ndikumva, Esinati nkubwereza. Ine ndinkaona ngati ndi chidani chabe chobisala mu ulemu.

Mavuto anayamba Fatsani atayamba kukwawa. M'maondo, m'zigongono, pamphumi, pankatuluka mabala akuda otupa ngati wamenyedwa ndi chibakera. Atabayidwa katemera kusikelo, ntchafu inatupa sabata yathunthu. Akagwa pang'ono pabwalo, mawa lake pamalopo pada bii. Ndiye mudzi umene uli ndi mwana wa mabala ndi bambo wothyola zitseko, mukuganiza kuti anthu ananena chiyani? Amayi kumjigo ankaleka kulankhula ndikamadutsa. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene ndikumuchitira umboniyu, mwana wanga sindinamukhudzepo ndi kachikwapu komwe. Koma ndikamakana ndinkakana mokuwa, maso ali psu, ndipo kukuwako kunkakhala ngati ndavomera.

Amalume ake a Esinati, a Muhiwa, omwe ndiwo mwini mbumba, anaitanitsa ankhoswe. Anagamula kuti ndikakhale kaye kwa mayi anga ku Chonde mwezi umodzi. Ndinapita. Mwezi umenewo mabala sanaleke, anachita kuwonjezeka. Nditabwerako palibe anati pepani. Nkhani inangosintha, ena akuti mwana walodzedwa, ena akuti ndimabwera mozemba. Nanenso, ndisabise, mumtima ndinayamba kuloza chala apongozi. Ndinkati mayi wosayang'ana munthu m'maso ameneyu pali chimene akudziwa.

Tsiku lina Lolemba Fatsani anadumpha kuchokera pakhonde, kutalika kwake kosafika ndi m'chiuno momwe. Pofika masana bondo linali litatupa ngati papaya, lotentha, mwendo osawongoka. Lachiwiri m'mawa ndinali ndi ulendo wa masiku atatu kuphiri ndi alendo. Ndinathamangira paokala nkugula asipirini, nkuuza Esinati kuti azimupatsa kachidutswa m'mawa ndi madzulo. Ndinkati ndikuthandiza. Ndinanyamuka mwana akulira, ine nkumuuza kuti mwamuna salira, ndikubweretsera bisiketi wa azungu.

Ndinatsika Lachinayi dzuwa lili paliwombo. Ndili chapatali ndinaona anthu ataunjikana pakhomo panga. Fatsani anali gone pamphasa pansi pa mpeyala. Bondo linali lokulungidwa ndi chitenje cha mayi ake, chitenjecho chitanyowa moti maluwa ake osaonekanso. Pambali panali beseni la nsanza zina zofiira. Milomo ya mwana inali mbuu ngati wadya phulusa.

Esinati anandiuza zimene zinachitika. Nditangochoka, a Muhiwa anabwera nkuona bondolo, nkunena kuti muli magazi oipa ofunika kutulutsa. Lachitatu m'mawa anatema mphini zitatu ndi lezala latsopano nkupaka mankhwala, monga amachitira ndi aliyense m'banjamo akatupa. Kuyambira nthawi imeneyo magazi sanaleke. Sankathamanga ayi, ankangochucha pang'onopang'ono ngati mpopi wakutha. Anathirapo phulusa, anathirapo shuga, anafinyirapo masamba, anamanga ndi mphira. Akamati aleka, mwana akangotembenuka, ayambiranso.

Abale, zimene ndinachita sindinyadira nazo. Ndinatola chikwanje chimene chinali pakhonde nkulunjika kwa a Muhiwa, munthu wamkulu wa imvi. Ndinawagwira pakhosi pa malaya. Amayi anabalalika akukuwa. Esinati yekha ndiye sanathawe, anaima pakati pathu.

"Bambo a Fatsani, temani! Temani akumangeni! Nanga mwanayu amunyamula ndani?"

Chikwanje chinagwa chokha. Ndinamanga Fatsani kumsana ndi zingwe zomwe ndimamangira zikwama za alendo, nkuthamanga naye mpaka kumsewu. Ndasenzapo katundu wolemera kuposa thumba la simenti kukwera naye mpaka kumitambo, koma mwana wopepuka ngati nkhukuyo anandithyola msana. Magazi ankatsikira m'mwendo mwanga, ofunda. Tinakwera njinga yamoto, Esinati ndi a Muhiwa akutsatira pa ina.

Kuchipatala anatilandira msanga. Anatsuka timabalato, nkumanga zolimba, nkumubaya diripi. Atayeza anati magazi atsala ochepa kwambiri m'thupi, ofunika kuwonjezera. Ndinatambasula mkono ndisanafunsidwe. Atamuika magazi mwana anatsegula maso nkupempha madzi, ine nkuti basi tapulumuka. Koma Lachisanu m'mawa bandeji inali itafiiranso. Anasintha, inafiiranso. Fatsani anandigwira chala nkunena motsitsa kuti, "Ababa, kukuzizira." Kunja dzuwa likuswa mtengo, mwana wanga akuti kukuzizira.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mofatsa. Anamuvula mwana malaya nkuona mabala akale kumsana ndi m'mikono, ena akuda, ena achikasu. Anatiitana atatufe nkufunsa ngati kubanja kwathu kunakhalapo munthu wotaya magazi osaleka akavulala. Ine ndinati kwathu kulibe. Esinati anati sanamvepo. A Muhiwa anayang'ana pansi nkuti kulibe. Kenako anawonjezera, mwina pobwezera za chikwanje zija, kuti mabalawo afunse bambo akewa, dzanja lawo limadziwika m'mudzi monse.

Adokotala sanandiweruze. Anangonena kuti akufufuza zonse, za magazi ndi za mabala zomwe, ndipo kuti ndi lamulo lawo kudziwitsa oona za ana akaona mabala otere. Koma ine ndinangomva mawu akuti oona za ana. Mutu unayaka. Ndinamenya tebulo mpaka mbale ya zitsulo inagwa pansi, ana ena m'wodimo nkuyamba kulira. Ndinatukwana a Muhiwa, ndinatukwana chipatala, sindikumbukira ndi zina zomwe. Alonda awiri anandigwira nkunditulutsa, nkundiuza kuti ndisapondenso m'wodi ya ana. Ndinadzitsekera ndekha kunja, mwana wanga akutha m'kati.

Ndinazungulira kuseri, kumene odikirira odwala amachapira ndi kuyanika zovala. Kuchokera pamenepo zenera la wodi limaoneka, koma bedi la Fatsani silinkaoneka. Mayi wina akalira m'katimo mtima unkaima, ndikumvetsera ngati ndi mawu a Esinati. Ndinaganiza za bokosi laling'ono. Ndinaganiza kuti pamaliropo anthu azidzaloza ine, ndipo mwana wanga adzakwiriridwa ndi mbiri yoti anaphedwa ndi bambo ake. Phiri linali poteropo, lomwelija ndimalidziwa njira zake zonse, ndipo ndinaganiza za phompho lina limene timachenjeza alendo kuti asayandikire. Ndikunena izi kuti mudziwe pamene ndinafika.

Kutchalitchi ndinkapita mwa apo ndi apo, kupemphera kwenikweni sindinkadziwa. Ndinagwada m'matope a sopo pafupi ndi mpopi, ndipo pemphero langa linali ngati ndewu. Ndinati, Mulungu, ngati mlandu ndi ukali wanga, thupi langa ndi ili, lalikulu, magazi ambiri, bwanji mukutapa mwa kamwana? Ndinati mphamvu zanga zandithera, ndakuwa ndatopa, palibe akundimva. Ndinati tumizani munthu mmodzi yekha wodziwa chimene chikudya mwanayu, kaya akhale ndani. Kenako mawu anatha, ndinangolira ngati mwana, amayi ochapa aja akundilambalala.

Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi akubwera ndi dengu pamutu, fumbi mpaka m'maondo. Anali atanyamuka m'mamawa kudzaona mdzukulu. Ndinayamba kudzikoka kuti ndiwapatse njira monga mwa nthawi zonse. Koma iwo sanapatuke. Anatula dengu, nkubwera molunjika, nkukhala pansi pafupi nane moti chitenje chawo chinakhudza phazi langa. Anandiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona bwinobwino nkhope yawo.

"Bambo a Fatsani, akutulutsani?"

"Eya, amayi."

"Magazi aleka?"

"Sakuleka. Afunsa ngati kubanja kuli wina anatayapo magazi chonchi. Tonse tati kulibe."

"Achimwene anganso ati kulibe?"

Nditavomera, anaimirira. Kenako anati, "Dzukani, pukutani kumaso. Ndiperekezeni kwa adokotalawo."

Alonda anandiletsa pakhomo, koma apongozi anawauza kuti awa ndi mkamwini wanga, alowa ndi ine, akasokosanso ndiwatulutsa ndekha. Sindikudziwa chimene alondawo anaona pankhope pawo, koma anatsegula.

Apongozi anagwada patsogolo pa tebulo la adokotala, Esinati ndi a Muhiwa ali pomwepo, anakana mpando. Ananena kuti iwo ndi a Muhiwa anali ndi m'bale wawo wamng'ono wamwamuna, Laisoni, amene anamwalira ali mwana atamuzula dzino kumudzi, magazi osaleka masiku anayi. Kenako anati, "Ndinalinso ndi mwana wamwamuna, Jemusi, mchimwene wake wa Esinatiyu. Anapita kusimba."

A Muhiwa anadzambatuka. "Chemwali! Za kusimba zimanenedwa pa akazi? Pa anthu achilendo?"

"Khalani pansi achimwene," anatero apongozi, osakweza mawu. "Ndinakhala chete pa Laisoni. Ndinakhala chete pa Jemusi. Uyu wachitatu mukufuna ndikhalenso chete?"

Anafotokoza kuti Jemusi ali kusimba iwo ankaphika chakudya nkutumiza tsiku ndi tsiku, monga amachitira mayi aliyense. Tsiku lachisanu mbale ya mwana wawo inabwerera chivundikirire, chakudya chosakhudzidwa, nkuuzidwa kuti asaphikenso. Panalibe maliro, panalibe kulira poyera. Akuluakulu anati iwowo ndiwo anamusempha mwanayo, kuti sanadzisunge pamene mwana anali kutchire. Ananyamula manyazi amenewo zaka zoposa makumi awiri, akudziwa kuti sanalakwe. Esinati, yemwe nthawiyo anali wakhanda, anakula akuuzidwa kuti mchimwene wake anafa ndi malungo. Amuna awo atatsala pang'ono kumwalira ndi pamene anawaululira kuti Jemusi atadulidwa magazi sanaleke mpaka anatha.

Esinati anagwira pakamwa. A Muhiwa anakhala pansi.

Adokotala anatenga pepala nkuyamba kujambula, timabokosi kuimira amuna, tozungulira kuimira akazi, mizere kulumikiza makolo ndi ana. Anadetsa kabokosi ka Laisoni, nkudetsa ka Jemusi, nkudetsa ka Fatsani. Ine wa Sitandade 6 ndinaona ndi maso anga njira imene chinthucho chinadutsa, ngati mmene ndimaonera njira ya madzi pathanthwe. Adokotala anati ankachiganizira kale, koma tsopano alibenso chikayiko chachikulu. Anati matendawa amatchedwa himofiliya, ndipo munthu amabadwa nawo. M'magazi mwake mumasowa kanthu kena kamene kamathandiza kuti magazi aundane pabala. Nchifukwa chake kugunda pang'ono kumasiya bala lakuda, ndipo bondo lija linatupa chifukwa magazi ankachuchira m'kati. Anati kawirikawiri amadwala ndi ana aamuna, koma amadutsira mwa amayi, omwe amangonyamula iwo osadziwa. Mwana wamwamuna aliyense wa mayi wotere akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka. Nchifukwa chake a Muhiwa ali bwinobwino pamene mng'ono wawo wa bere limodzi anapita.

Kenako anafunsa ngati mwana anamwa mankhwala alionse kunyumba. Ndinatchula asipirini uja. Anati ameneyo amachititsa kuti magazi avutikenso kwambiri kuundana. Abale, ine amene ndinanyamulira munthu chikwanje chifukwa cha lezala, nanenso dzanja langa linalimo. Ndinayang'ana a Muhiwa, iwo anayang'ana ine.

Tsiku lomwelo Fatsani anamuika madzi achikasu ochokera m'magazi, nkuimba foni ku chipatala chachikulu ku Blantyre, nkutikweza ambulansi. Njira yonse ndinagwira bondolo ndi manja awiri monga anandiuzira anamwino. Tinadutsa pa Chonde, pafupi ndi kwa mayi anga, mwana maso atatembenuka, ine ndikumuitana dzina kuti asagone. Ndinali ndisanatchulepo dzinalo kambirimbiri chonchija. Fatsani, Fatsani, Fatsani. Mwina ndinkadziuza ndekha.

Ku Blantyre anamuyeza nkutsimikiza. Mwa chisomo cha Mulungu, mankhwala ake enieni, obwezeretsa kanthu kosowa kaja, analipo tsiku limenelo, chifukwa anatiuza kuti nthawi zina amasowa. Anamubaya mumtsempha. Ndinakhala ndikuyang'anitsitsa bandeji yatsopanoyo ngati mlonda. Ola linatha, ili yoyera. Maola awiri, yoyera. Anamwino atabwera kudzaitsegula, mphini zitatu zija zinali zitauma, tizipsera tating'ono ngati pokanda nkhuku. Dzuwa lisanalowe Fatsani anandikoka malaya nkufunsa kuti, "Ababa, bisiketi uja?" Ndinatuluka panja nkukagwada pa simenti anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi.

Mawa lake ndinapeza Esinati akulira pakhonde la wodi. Anati, "Ndiye kuti ndamupatsa ndine. Mukafuna kundisiya, ndisiyeni." Bonifasi wakale akanavomereza, mwinanso akanayamba ndi iyeyo kunena. Koma ndinakumbukira mayi uja atagwada patsogolo pa tebulo, ndi zaka zake makumi awiri za mlandu wosapalamula, ndi zanga zinayi. Ndinamuuza kuti m'banja muno kuloza chala kwakwana. Palibe anasankha magazi amene anabadwa nawo, iyeyo ayi, mayi ake ayi.

Sindikunamizani kuti Fatsani anachira. Matendawa sachoka, tidzakhala nawo. Pano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wayamba sukulu, ndipo aphunzitsi ake ndinakawafotokozera ndekha, mofatsa, chipewa chili m'manja. Amayenda ndi kakhadi kachipatala. Akamva kupweteka timamupatsa panado yekha, asipirini ndi bulufeni sizilowa m'nyumba mwanga. Bondo likangoyamba kutentha sitidikira mawa. Pena timapita nkupeza mankhwala kulibe, ndipo mantha aja amabweranso onse. Tili ndi mwana wina wamkazi tsopano, ndipo akadzakula tidzamuuza zoona zonse asanakwatiwe, pepala lojambulidwa lija ndinalisunga. A Muhiwa anataya malezala awo, ndipo anaima okha pamaso pa mbumba nkunena kuti mwana wamwamuna aliyense wa m'banjamo akayezedwe kaye asanakhudzidwe ndi mpeni, ndiponso kuti Fatsani kusimba sadzapita. Ine ndinakawapepesa za chikwanje. Ukali sunatheretu, koma ukamakwera ndimamva kamawu kaja kakuti kukuzizira, manja nkugwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lokhala ngati chipongwe la munthu ngati ine. Ndinapempha munthu mmodzi, ndipo ananditumizira yemwe ndinkamuyesa mfiti. Ndikuthokoza adokotala ndi anamwino amene ndinawatukwana koma sanabwezere pa mwana wanga. Inu amene muli ndi mwana wotupatupa, wa mabala osadziwika, wotaya magazi nthawi yaitali akathothoka dzino, musatemere, musathamangire kuloza munthu. Pitani naye kuchipatala, ndipo funsani akuluakulu za amene anamwalira kale m'banjamo, ngakhale amene satchulidwa. Ndipo inu amene mwafika pamene ndinafika ine kuseri kwa wodi kuja, musapite kuphompho. Gwadani pomwepo, ngakhale m'matope, nenani mmene mungathere. Thandizo likhoza kukhala lili kale panjira ndi dengu pamutu.

Apongozi anabwerera ku mwambo wawo. Tikakumana amapatukirabe m'chinangwa, ndipo ine tsopano ndimavula chipewa nkudutsa mwaulemu. Koma titangobwera kuchokera ku Blantyre anatuma Esinati ndi kanthu kokulunga m'nsalu. Inali mbale yachitsulo yakale, yothothoka m'mbali, imene inakhala pansi pa sutikesi yawo kuyambira tsiku lomwe inabwerera chivundikirire. Anati mwana azidyeramo. Fatsani amadyeramo tsiku lililonse, ndipo anganga ake amakhala poteropo kumuyang'ana mpaka atamaliza, kenako amaitenga okha kukatsuka, ili mbee, osatsalamo kanthu.

Ambuye alemekezeke.